Wapabenchi wa $104 miliyoni: a Patriots abetsa kapena atola chikwama?

Msika wa osewera utangotsegulidwa mu Malichi 2025 mu ligi ya mpira wa ku America ya NFL, timu ya New England Patriots idagwirizana ndi Milton Williams kontrakiti ya zaka zinayi ya $104 miliyoni. Pa mtengo wa kubanki kuno kwathu wa nthawi imeneyo, tikunena ndalama zoposa K180 biliyoni. Mukagawa pa chaka ndi $26 miliyoni, malipiro omwe panthawiyo adali asadaonekepo m'mbiri ya timuyi, yomwe Tom Brady adaisewerera zaka 20 n'kuipatsa zikho zisanu ndi chimodzi.

Ndalama zokhazo sizikadautsa mapiri pachigwa, chifukwa ku NFL manambala otere adazolowereka. Chomwe chidadabwitsa anthu ndi wolandirayo. Pa zaka zinayi zomwe Williams adakhala ku Philadelphia Eagles adasewera magemu 67, koma omwe adayamba nawo ndi 19 okha. Palibe sizoni ngakhale imodzi yomwe adakhalapo m'bwalo theka la nthawi yomwe otchinga a timu yake amagwira ntchito. Pa pepala, mkuluyu adali wapabenchi. Ndiye mkangano udabuka: munthu wa mutu wabwinobwino angapereke bwanji chuma chotere kwa mnyamata yemwe mabwana ake akale samamuyambitsa n'komwe?

Ine maganizo anga ndi akuti a Patriots sadalakwitse, ngakhale alowa m'madzi akuya. Koma chifukwa changa n'chosiyana ndi chomwe ambiri akupereka, choti Williams adawala mu Super Bowl. Pogula wosewera wapabenchi, kuwerenga nthawi yomwe adakhala pabenchipo sikuthandiza kwenikweni. Chofunika kufunsa n'chakuti ankakhaliranji pamenepo.

Poyamba tigwirizane kaye za benchi, chifukwa mawuwa amatisokoneza ife amene tidakulira mpira wamiyendo. Ku mpira wathuwu, wapabenchi amalowa mphindi 20 zotsiriza, ndipo amene watuluka watuluka basi. Mpira wa ku America suli choncho. Umaseweredwa modukizadukiza: mpira uyambika, anthu alimbana masekondi ochepa chabe, woyimbira aimitsa, onse afolanso. Kuyambika kulikonseko amakutcha snap, ndipo pakati pa snap ina ndi inzake mphunzitsi ali ndi ufulu wotulutsa ndi kulowetsa aliyense, kangati konse angafune. Timu imakhala ndi osewera 53, ndipo m'bwalo mumalowa 11 nthawi imodzi.

Williams amasewera malo otchedwa defensive tackle. Awa ndi zimphona zomwe zimaima pakati penipeni pa mzere wakutsogolo wa otchinga, maso ndi maso ndi zimphona zisanu za adani. Ntchito zawo ndi ziwiri. Adani akafuna kuthamanga ndi mpira, iwo atseke njira. Adani akafuna kuuponya, iwo aboole mpandawo kuti akagwetse woponyayo, quarterback, mpira usanachoke m'manja mwake. Kugwetsa kumeneko ndiye sack, ndipo ndi komwe kumalemeretsa anthu. Awiri akagwetsa limodzi amagawana theka theka, n'chifukwa chake mumva kuti Williams adapeza ma sack 11.5 pa zaka zinayi zomwe adakhala ku Eagles.

Tsono tangoganizani. Williams amalemera makilogalamu pafupifupi 130. Akankhane ndi munthu wolemera kumuposa, nthawi zina awiri, ndi mphamvu zake zonse, apume masekondi 30 kapena 40, abwerezenso, mpaka ka 60 pa gemu imodzi. Ndi ochepa kwambiri amene thupi lawo limalola zimenezi. N'chifukwa chake matimu amasinthanitsa anthu pa mzerewu ngati mmene amayi amalandizanirana munsi pamtondo, ndipo a Eagles adatchuka kalekale ndi kachitidwe kameneka. Mu 2024, Jordan Davis adayamba magemu onse 17 a timuyi, pomwe Williams adayamba 7 okha. Koma mukawerenga ma snap, Davis sadafike 40 peresenti, pomwe Williams adatsala pang'ono kufika theka. Woyamba adasewera mochepa kuposa wapabenchi. Ndiye wapabenchi weniweni ndani pamenepa?

Okonda kontrakitiyi amathamangira pa 9 Febuluwale 2025, mumzinda wa New Orleans. Tsiku limenelo a Eagles adaswa Kansas City Chiefs 40-22 mu Super Bowl LIX, ndipo zigolizo zikubisa zambiri chifukwa nthawi ina zidali 34-0. Mphunzitsi wa otchinga, Vic Fangio, sadatumizeko osewera owonjezera kukathamangitsa Patrick Mahomes. Adangosiya anyamata anayi akutsogolo kuti athane naye okha, ndipo adamugwetsa ka 6. Ma sack awiri adali a Williams. Yachiwiriyo adamuphumitsa Mahomes mpira n'kuutola yekha. Izi zidachitika patangotsala mwezi umodzi kuti kontrakiti yake ithe. Ngati pali munthu amene adadziwa tsiku lovala suti, ndi ameneyu.

Koma kunena mosapsatira, otsutsa ali ndi mfundo, ndipo si zachibwana. Yoyamba ndi ya mnzake woima naye pambali. Jalen Carter, yemwe a Eagles adamutenga ali nambala 9 pa chisankho cha osewera ochokera m'makoleji cha 2023, ndi mmodzi mwa ochepa aja omwe thupi lawo limalola: adasewera ma snap oposa 80 peresenti. Adani amamuopa moti kawirikawiri amamuikira anthu awiri. Awiri akapita kwa Carter, Williams amatsala ndi mmodzi. Mu Super Bowl muja Carter sadapeze sack ngakhale imodzi, koma aliyense amene adaonera bwino akudziwa kuti mwa zisanu ndi imodzi zija mudali thukuta lake. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ku New England kulibe Carter. Kumeneko woikiridwa awiriyo adzakhala Williams mwini wake.

Mfundo yachiwiri ndi ya mpumulo. Munthu wolowa atapuma amakumana ndi mdani yemwe wakhala m'bwalo chiyambire gemu, chifukwa zimphona zisanu zoteteza quarterback zija sizisinthanasinthana. Zipatso za munthu wosewera theka la nthawi sungangozichulukitsa kawiri n'kunena kuti akadzasewera nthawi yonse zidzakhala zimenezo. Timu yomwe yalipira $26 miliyoni pa chaka siyingamusiye akupuma theka la gemu. Adzayenera kukhala m'bwalo ngakhale miyendo italemera.

Mfundo yachitatu ndi dzina la munthu, ndipo a Eagles akulidziwa bwino: Bryce Huff. Huff adasewera ku New York Jets, komwe mu 2023 adapeza ma sack 10 akulowa kuchokera pabenchi. Mu Malichi 2024 a Eagles adamupatsa kontrakiti ya zaka zitatu ya $51.1 miliyoni, poganiza kuti akamuchulukitsira nthawi, nazo zipatso zichuluka. Zotsatira zake? Ma sack 2.5, kuvulala dzanja, ndipo pa tsiku lomwe Williams amawala ku New Orleans, Huff sadavale n'komwe yunifolomu, pomwe sadali wodwala. Pofika mu Juni 2025 adali atamugulitsa kale ku San Francisco 49ers. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Asadabwere Huff kudali Vinny Curry, ku Eagles komweko. Curry adapeza ma sack 9 mu 2014, ndipo mu Febuluwale 2016 adasaina zaka zisanu za $47.25 miliyoni asadayambepo gemu ngakhale imodzi ya NFL. Sizoni yotsatira adapeza 2.5. Mu 2017 adayamba magemu onse 16, adapeza ma sack 3, adathandiza timu kutenga Super Bowl yake yoyamba, yomwe adagonjetsa a Patriots omwewa, kenako mu Malichi 2018 adamumasula. Sadali wachabechabe ayi, koma sadasanduke chilombo chomwe ndalama zija zimayembekezera.

Ndiye ndi mboni zonsezi, bwanji ine ndikuimabe ndi a Patriots? Tibwerere ku funso lija: ankakhaliranji pabenchi?

Huff ankakhala pabenchi chifukwa ntchito amaidziwa mbali imodzi. Ndi wopepukirapo thupi, wa liwiro, wosewera m'mphepete mwa mzere. A Jets ankamulowetsa makamaka pamene aliyense m'bwalo akudziwa kuti mdani aponya mpira. Apo n'kungothamanga basi, osaganiza zambiri. Nthawi yotseka njira ya othamanga ndi mpira ikafika, ankalowa ena. Benchi lake lidali chigamulo cha aphunzitsi omwe ankamuona tsiku ndi tsiku pokonzekera. A Eagles adagula mbali yomwe a Jets ankaonetsa, ndipo mbali yomwe a Jets ankabisa adaipeza atalipira kale.

Benchi la Williams lidali la mtundu wina. Adalowa mu NFL mu 2021, nambala 73 pa chisankho, kuchokera ku Louisiana Tech, sukulu yosatchuka kwambiri pa mpira. Adapeza malo ake muli Fletcher Cox, yemwe adali chipilala cha timuyi kwa zaka zoposa khumi, ndi Javon Hargrave. Mu 2022 a Eagles adatenga Davis ali nambala 13. Chaka chotsatira Hargrave atachoka, adatenga Carter. Pa zaka zonse zinayi, kutsogolo kwa Williams kunkakhala anthu awiri kapena atatu omwe timu idaikapo ndalama zambiri kapena chisankho chapamwamba. Ku matimu ambiri mwa 32 a ligiyi akadakhala akuyamba kalekale. Adangobadwira m'nyumba ya ana ambiri.

Ndipo ntchito ziwiri zija adazigwirapo zonse. Mu 2023 adayamba magemu 10 koma adapeza theka la sack lokha, chifukwa chaka chimenecho ankamugwiritsa kwambiri ntchito yonyansa ija yotseka njira, yomwe siitchulitsa munthu pa wailesi. Cox atapuma mu 2024, mpata wothamangitsa quarterback udatseguka, ndipo Williams adapeza ma sack 5 mu ligi kuphatikiza awiri a mu Super Bowl. Chomwe adali asadachitepo pomwe amasaina ndi kugwira ntchito ziwirizo mokwanira mu sizoni imodzi. Apo ndiye pali juga ya a Patriots, ndipo sindikuibisa. Koma kubetcha kuti munthu aphatikiza zinthu ziwiri zomwe adazichitapo kale n'kosiyana ndi kubetcha kuti aphunzira chinthu chomwe sadachitepo.

Tsopano tikambe za ndalamazo, chifukwa $104 miliyoni ndi nambala ya pa mitu ya nkhani. Makontrakiti a NFL sali ngati a mpira wamiyendo ku Ulaya, komwe wosewera akasaina zaka zinayi amadya zaka zinayi ngakhale atakhala kunyumba. Ku NFL timu ikhoza kukumasula nthawi iliyonse, ndipo chomwe imakakamizidwa kukupatsa ndi gawo lomwe lidalembedwa kuti n'lotsimikizika. Pa Williams, gawo lomwe lidalengezedwa ndi $63 miliyoni, kutanthauza zaka ziwiri ndi kachidutswa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Curry uja adasaina zaka zisanu koma adadya ziwiri. Ngati Williams akanika, a Patriots adzamva kuwawa zaka ziwiri kapena zitatu, kenako adzatsegula chitseko.

Chachiwiri, NFL ili ndi malire a ndalama zomwe timu iliyonse ingalipire osewera ake onse, omwe amawatcha salary cap. Mu 2025 malirewo adali $279.2 miliyoni, kuchoka pa $255.4 miliyoni mu 2024. Mu 2016, pomwe Curry amasaina, adali pafupifupi $155 miliyoni. Choncho $26 miliyoni idali 9 peresenti ndi pang'ono ya thumba la 2025, ndipo malirewo akamakwera chaka ndi chaka, gawo la Williams lizicheperachepera. Pomwe amasaina, pa malo ake ankaposedwa ndi anthu awiri okha, Chris Jones wa Chiefs ndi Christian Wilkins. Mwina pofika chaka chake chachitatu adzakhala atapitiriridwa ndi angapo, ndipo oyamba kumupitirira akhoza kudzakhala Carter yemweyo.

Chachitatu ndi wogulayo. A Patriots adapambana magemu 4 okha mwa 17 mu 2024, ndipo otchinga awo adapeza ma sack 28, ochepa kuposa timu ina iliyonse mu ligi. Adalowa pamsika ali ndi mpata wa ndalama zoposa $100 miliyoni pansi pa malire aja, wambiri kuposa wina aliyense. Quarterback wawo, Drake Maye, adangolowa mu ligi mu 2024 ndipo akadali pa kontrakiti yotchipa ya wosewera watsopano, pomwe anzake odziwika akudya zoposa $50 miliyoni pa chaka. Mpata umenewu sukhalitsa: Maye akachita bwino, adzafuna zake. Komanso malamulo a ligi salola timu kuumira, amaikakamiza kugwiritsa ntchito osachepera 90 peresenti ya malirewo pa zaka zingapo. Ndalamazo zimayenera kupita kwa winawake basi. Funso n'kuti kwa ndani?

Apa ndi pomwe onena kuti akadagula wodziwika kale amandidabwitsa. Wosewera wa malo amenewa yemwe ndi wamng'ono, woyamba magemu onse, komanso wotsimikizika, safika pamsika. Timu yake imamumangirira kontrakiti isadathe. Ofika pamsika ndi okhawo omwe ali ndi kachilema: wakula, wavulalavulala, kapena sadayesedwe mokwanira. Ndipo odziwikawo nawo amagwetsa anthu m'dzenje. Hargrave adapita ku 49ers mu 2023 ali ndi zaka 30, pa $84 miliyoni ya zaka zinayi. Adavulala mkono mu 2024 ndipo adamumasula mu Malichi 2025. Wilkins adasaina $110 miliyoni ku Las Vegas Raiders mu 2024, adasewera magemu 5, adathyoka phazi, ndipo mu Julaye 2025 adamumasula. Onsewa sadali apabenchi. Williams amasaina ali ndi zaka 25, ndipo benchi lomwe akumunyoza nalolo ndi lomwe lasunga thupi lake. Mwa zilema zitatu zija, ine ndingasankhe chimenechi. A Carolina Panthers nawo adaona chimodzimodzi, moti adatsala pang'ono kumutenga a Patriots asadawonjezere ndalama.

Kodi ndiye kuti a Eagles adapusa pomusiya? Ayi ndithu, ndipo apa ndi pomwe mkanganowu umasokonekera, chifukwa anthu amafuna kuti mmodzi akhale wochenjera, winayo chitsiru. A Eagles ali kale ndi quarterback wodula, Jalen Hurts, yemwe adasaina $255 miliyoni mu 2023. Carter ankayembekezeka kuyamba kukambirana kontrakiti yatsopano sizoni ya 2025 ikatha, ndipo zinkadziwika kuti sidzakhala yamasewera. Kwa mkulu woyendetsa timuyi, Howie Roseman, kulipira $26 miliyoni munthu wosewera theka la nthawi pambali pa Carter kukadakhala kutaya ndalama. Adali ndi Moro Ojomo, yemwe adamutenga m'chigawo chotsiriza cha chisankho cha 2023 ndipo ankalandira pang'ono, woti alowe m'malomo. Komanso ligi imapepesa timu yotaya osewera odula pamsika poipatsa mwayi wowonjezera pa chisankho cha chaka chotsatira. Wosewera yemweyo, tsiku lomwelo, adali wodula kwambiri kwa a Eagles koma wa mtengo woyenera kwa a Patriots. Mtengo wa wosewera umadalira kuti wogula ali ndi ndani kale m'nyumba, ndipo m'thumba mwake mwatsala zingati.

Tisaiwalenso mwini wakeyo. Kontrakiti yoyamba ya Williams idali ya pafupifupi $5 miliyoni pa zaka zinayi, ndipo sadachite kukambirana ndi munthu: malamulo a ligi amaikiratu malipiro a wosewera watsopano molingana ndi nambala yomwe watengedwera. Kwa zaka zinayi a Eagles adadya thukuta lake pa mtengo wozizira, mpaka kufika nalo mu Super Bowl kawiri. Osewera ambiri safika n'komwe pa kontrakiti yachiwiri, bondo kapena msana zimawatulutsa msanga. Ndiye wina akafikapo ali wamoyo ndi wamphamvu, n'kupeza matimu awiri akumukanganirana, ine sindiona choti ndimuchitire nsanje. Amene amati walandira zoposa ntchito yake sadadandaulepo pomwe ankalandira zochepera ntchito yake.

Amene mutu wake udali pachipika ndi Mike Vrabel, mphunzitsi wa Patriots yemwe adalembedwa ntchito mu Januwale 2025. Vrabel adasewerapo ngati wotchinga ku timu yomweyi kuyambira 2001 mpaka 2008 n'kutenga nayo zikho zitatu, ndiye za mzere wakutsogolo palibe angamunamize. Ankafuna kuimika Williams pambali pa Christian Barmore, yemwe adaphonya gawo lalikulu la sizoni ya 2024 chifukwa cha vuto la kuundana kwa magazi. Barmore akakhala bwino, adani sadzatha kuikira onse awiri anthu awiriawiri, ndipo nkhawa ya kusowa kwa Carter idzachepa. Akapanda kukhala bwino, Williams adzadziwa mmene Carter ankamvera.

Sizoni ikayamba mu Sepitembala, ambiri adzathamangira kuwerenga ma sack, ndipo akadzapeza 5 kapena 6 adzati ndalama zapita m'madzi. Ine ndidzayang'ana zina. Kodi akusewera ma snap angati, ndipo m'chigawo chachinayi cha gemu, mu Disembala kukuzizira ku Foxborough, akukankhabe ngati m'chigawo choyamba? Kodi adani akumuikira anthu awiri? Ngati akutero, ndiye kuti mnzake wina watsala ndi mmodzi, ndipo ma sack 28 aja akwera ngakhale dzina la Williams litapanda kulembedwa pa ambiri mwa iwo. Zikatero a Patriots adzakhala atapeza chomwe adalipirira. Koma adani akamadzamusiya ndi munthu mmodzi osaopa kanthu, Williams n'kumapempha kutuluka kuti akapume, pamenepo otsutsa adzakhala ndi ufulu wonse wotikumbutsa za Bryce Huff.